Tidzaione Itagona

Zaka zinayi za mpunga wa ku Lifuwu
ndinazimanga m'mpango, mfundo ziwiri,
n'kupita nazo kuseri kwa depoti ya Salima
kumene a Kalilangwe anaimika minibasi yawo.
Inali mbuu, matayala opaka polishi,
pagalasi lakumbuyo atalembapo kuti Osafooka.
Ndisaname, ndinaikonda ndisanaikhudze.
Ndinali nditayamba kale kuwerenga mitu ya anthu
kuchoka pano mpaka ku Dwangwa.

Mlamu wanga Twaibu sanayang'ane penti.
Khutu lake lamanzere linatsalira m'galaja,
koma anatukula mpando, n'kuika chikhatho pa injini.
Yafunda iyi. Mwailiza liti?
Ndimangoisunthira pamthunzi, anatero eni ake.
Ndiye tidzaione mawa, itagona.
Galimoto ya dizilo imanena zoona m'mamawa mokha.

Ndinakwiya. Ndinagona kwa msuweni wanga ku Kaphatenga
mpango uli pamimba, mtima uli kudepoti.

Kunacha ndi chisanu cha Juni.
Kiyi anapotokola kamodzi: khe, khe, khe.
Kawiri. Kachitatu batire linayamba kudandaula.
Mahita anafa kale awa, anatero Twaibu,
ngati akupereka uthenga wa maliro a munthu wakutali.
Italira, inanjenjemera thupi lonse ngati ya malungo
ndipo utsi unatuluka woyera, wosafuna kutha.
Iye anagwada, n'kuununkhiza.
Ukada, mlamu, ndi manozo akulavula dizilo wosapsa,
zimenezo timakonza.
Koma uwu ukununkha madzi.

Anatsegula chivindikiro cha oyilo n'kundionetsa kunsi kwake:
thovu lofiirira, tiyi wamkaka weniweni.
Gasiketi yapita, mwina ndi mutu womwe.
Anachibwezera pakamwa pake osamanga,
chivindikiro chinayamba kuvina chokha,
mpweya ukuthawa m'mimba mwa injini.
A Kalilangwe anaseka: zonse zimatero izi.
Foni yawo inalira. Kaya inaliradi.

Kenako sikuludiraiva yaitali ija,
nsonga pachitsulo, chigwiriro pa khutu lamoyo,
maso atatseka ngati ali pa swala.
Ine sindinamve kanthu koma phokoso.
Iye anamva kugogoda kwa pansi penipeni,
anamva tabo ikuimba mluzu wosakhala wake.
Wotchi ya mtunda inkati galimotoyi ndi namwali,
chopondera kilatchi chinali chitatha mpaka chitsulo kung'anima.
Lamba wa taimingi munasintha liti?
Funso limenelo linangogwa pansi, palibe analitola.

Chimene chinandigwetsa ulesi ine si zonsezi.
Ndinawerama kuti nditole lipoti lakale,
ndipo kunsi kwa mpando wa kondakitala
ndinaona zigubu zitatu za madzi, zodzaza,
chachinayi chili theka.
Ndalima m'dambo moyo wanga wonse.
Ndimadziwa munda umene sumasunga madzi.

Sitinakangane. Twaibu anapukuta manja pasanza,
ndinamugulira mandasi awiri, anadya limodzi.
Mfundo za mpango sizinamasulidwe.

Mu Okotobala ndinali paulendo wa ku Nkhotakota
ndi matumba anga asanu ndi limodzi.
Nditakhala kale pansi m'pamene ndinawerenga mawu aja
kuchokera m'kati, atatembenuka.
Woyendetsa anali mnyamata, dzina lake Lutiyano,
anatiuza monyadira kuti ndi yake,
anagulitsa ng'ombe za malemu bambo ake.
Titadutsa Benga muvi wa kutentha unakwera,
nthunzi inatuluka pansi pa mpando wake,
ndipo tinaima.

Anthu anatukwana, ena anafuna ndalama zawo.
Mnyamatayo anathyola masamba n'kuyala pamsewu,
nkhope itauma ngati dambo la mwezi uno.
Ndinafuna kunena kuti ndinadziwa.
Ndinawerama, n'kusolola chigubu pamalo pake pomwe paja,
ndinamuuza kuti adikire izizire asanatsegule,
ndipo kumbuyo kwa tikiti
ndinamulembera nambala ya Twaibu.