Lolemba kwa Wometa, ku Mississippi

Lolemba anthu sabwerera kumeta kokha.
Odell Pruitt tsitsi lidamuthera kalekale
koma mpando wa pawindo ndi wake,
nyuzi waipinda kale pa tsamba la mpira.

"Madola theka la miliyoni," akutero,
"kwa mwana woti ndevu sizinamere!
Ife tinkachemerera ana asukulu.
Lero tikuchemerera aganyu
oti akanunkhiza ndalama ku Texas
jezi yathu aivula pakhomo ngati sanza."

Marvis akuyankha thovu lili m'masaya,
ndachita kubweza lumo kuopa kumucheka.
"Kochi amatapa mamiliyoni asanu ndi awiri
osathyoka ngakhale chala.
Loweruka bwalo limachita kusefukira,
soseji mmodzi madola khumi,
a kanema nawo akukolola.
Maondo ndi a ana. Makosi ndi a ana.
Ndiye iwo adye kuomba m'manja kwanu?"

"Digiri si malipiro?"
"Digiri yanji, munthu wodzuka folo koloko
kukanyamula zitsulo,
m'kalasi n'kumangosinza?"

Chimodzi chokha amamvana:
akuluakulu a bungwe aja, a masuti,
ndi buku lawo la malamulo
lonenepa kuposa Baibulo la paguwa.
Chaka chatha ichi chinali tchimo,
chaka chino n'chololedwa,
cha mawa tikafunse kukhoti.
Koleji yaing'ono ikalakwa, chikoti pomwepo.
Yaikulu ikalakwa, komiti ikufufuzabe.

Lonzo Tate salankhula. Amasesa.
Kale adali nambala 44,
tauni yonse inkaimba dzina lake mpaka kusasa mawu.
Mayi ake atamwalira ku Detroit
wogulitsa magalimoto wina adamugulira tikiti ya ndege,
madola mazana awiri ndi khumi.
Bungwe lidatumiza amuna awiri ndi chikwama.
Adamuimitsa masewero asanu.
Tsiku lobwerera, bondo lidalira ngati nkhuni youma.
Jezi ya 44 ikugulitsidwabe pakoleji
yopanda dzina kumsana.
Iye akamayenda, mwendo umodzi umatsalira
ngati uli ndi mawu oti unene.

Kenako belu la pachitseko.
Kendrell, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
akuwerama kuti mutu usagunde mphuthu,
foni ikunjenjemera m'thumba osapuma.
Makochi atatu adya kale kwa azakhali ake mwezi uno,
aliyense kuyamikira nkhuku yomweyo,
wina mpaka kutsuka mbale.

Chipinda chonse zii.
Odell, yemwe uja wa aganyu,
akunyamuka kumupatsa mpando wa pawindo.
"Mwana wathu, usatitaye.
Anthu akusonkha, ine ndaponyapo makumi asanu."
Marvis akumunong'oneza za loya, msuweni wake,
wotenga gawo lochepa chabe.
Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero akale,
ndipo sadalekere pomwepo:
ukachenjera manja udya naye.

Ndikumukulunga nsalu m'khosi.
Khosi ili lalembedwa kale mtengo m'makompyuta,
nyenyezi zinayi pambali pa dzina,
koma kuseri kwa khutu kuli chipsera
cha tsiku lomwe adagwa panjinga ali ndi zaka zisanu,
akulira pampando womwewu, ndikumunyengerera ndi switi.
"Monga mwa masiku onse?"
"Eya bambo."
Maso ake ali pagalasi, koma sakudziona yekha.
Akuona Lonzo.

Lonzo waimika tsache.
"Ndalamayo tenga," akutero, "usachite nayo manyazi.
Koma uwafunse, alembe papepala,
bondo likadzalira adzalipira ndani."

Palibe woyankha.
Mashini anga akulira okha.
Odell watembenuza nyuzi, akuwerenga za nyengo.
Tsitsi la Kendrell likugwera pansi,
kusakanikirana ndi imvi za Marvis,
ndipo Lonzo akulikokera pakona limodzi.