Makoswe a Tionenji

Ndudu yoyamba ndinaiyatsira pa Kamwala
ndili kondakitala wopanda ndevu,
mawu atasasa n'kuitanira a ku Chilenje.
Lero ndimawotcherera mageti ku Kalingalinga,
imvi zili mbuu,
ndipo usiku chifuwa chimalira
ngati chitseko chosowa girisi.

Mwana wa mlongo wanga, Tionenji,
amavala chikhoti choyera kutsidya kwa msewu, ku yunivesite.
Amaphika masamba osati a ndiwo:
mpungabwi, futsa, ndi makungwa ena
amene dzina lake limandiluma lilime.
Kupera, kuviika, kusefa,
mpaka thumba lathunthu litsale timadontho
tosadzaza n'chivindikiro cha botolo chomwe.

Akuti muubongo muli timaloko,
ndipo fodya ali ndi kiyi wake.
Iye akusaka kiyi wina, wa kutchire,
woti alowe pa loko yemweyo n'kukakamira,
utsi ukabwera upeze pakhomo pali kale mwini.
Zimenezo ndinazimva msanga.
Maloko ndiye ntchito yanga.

"Ndigawireko," ndinatero.
"Ayi malume, tikadali pa makoswe."
Makoswe! Ali ndi manambala,
ali ndi wowapimira chakudya pa sikelo,
ndipo akuti atatu ayamba kunyalanyaza
kabatani kowapatsa chikonga.
"Mwina ndi mwayi chabe. Tibwerezanso."
Ndinafunsa kuti zaka zingati.
Anayang'ana nsapato zake.

Loweruka ndinatsikira ku Soweto.
Mayi wina pansi pa ambulera yong'ambika
anandigulitsa muzu wa makwacha makumi awiri,
nalumbira kuti pofika Lachitatu ndidzadana ndi machesi.
Unali wowawa ngati ngongole ya kaloba.
Ndinatafuna, ndinalavula,
ndinayatsa ndudu kuti ndichotse kuwawako.

Tionenji anaulanda muzuwo,
naukulunga m'pepala, nalembapo tsiku ndi malo.
"Chiwindi muli nacho chimodzi, malume.
Uwu ndikaufunsa ine mafunso.
Inu mawa tipite ku kiliniki."
Tinapita. Namwino anandiwerengera zaka
monga ndimawerengera zitsulo zotsala.

Dzulo magetsi anathima dzuwa lili paliwombo.
Makina zii.
Imeneyo ndiyo nthawi yoipa,
pamene manja alibe chogwira
ndipo kantemba ka a Zelipa kali apo, mapazi makumi atatu,
ndudu amagulitsa imodziimodzi, ngongole amalola.
Ndinaimirira. Ndinapapasa m'thumba.
Tsiku lachisanu ndi chimodzi linali kunjenjemera m'zala.

Kenaka ndinakumbuka khoswe nambala fotini,
amene sindinamuonepo,
ali m'kabokosi kake kutsidya kwa msewu,
ndevu zikugwedera, maso ali pa kabatani,
mwina mankhwala akugwira, mwina ayi,
iye sakudziwa, Tionenji naye sanadziwe.

Ndinakhalanso pansi pa tayala.
Ndinatola loko wakale wadzimbiri
n'kuyamba kumumasula pang'onopang'ono,
ngakhale panalibe amene anandituma.
Magetsi anabwera cha m'ma faifi.