Zala za Tymon

Ndimaweruka padoko la Gdańsk folo koloko m'bandakucha,
chisanu chitalowa m'mafupa,
ndipo panyumba yathu yonse ya nsanjika khumi
zenera loyaka ndi limodzi: la mwana wanga.

Tymon, zaka khumi ndi zisanu.
Msana wapindika ngati mbedza ya kireni yanga.
Supu wa dzulo waundana m'mbale,
kalata ya aphunzitsi a masamu
yasanduka poikira kapu.
Lachiwiri anamenya chitseko ndi chibakera
chifukwa wina wa ku Tallinn anamuwombera kumsana;
bowo lake ndaphimba ndi kalendala.
Ndikamufunsa za kusukulu amayankhira m'mphuno.
Mawu onse aja ankandisokosera nawo m'basi ali wamng'ono
anapita nawo kuti?

Lero ndinaima pakhomo pake, nsapato m'manja,
nditatsimikiza zozula waya.
Ndiye ndinamva liwu lake,
osati lija la m'mphuno ayi,
lina, lodekha, m'Chingelezi chothyokathyoka:
“Usathamange, Ilmar, khala kumbuyo kwanga.
Bambo ako atuluka liti m'chipatala?
Wadya? Pita ukadye, tikudikira.”
Ndipo anadikiradi, anayi onse,
asilikali awo ali chilili m'chipululu chabodza,
mfuti zitaloza pansi,
mpaka mnyamata amene sanamuonepo nkhope
anamaliza buledi wake.

Ine sanandifunsepo ngati ndadya.

Ndinayang'ana zala zake.
Ndi zanga zomwe: chachikulu chokhota,
chokankha kachitsulo mosapanikiza.
Inenso ndimatha maola khumi m'kabokosi ka galasi,
mamita makumi asanu m'mwamba,
ndikusuntha makontena ofiira ndi obiriwira
amene sindidziwa za m'kati mwake,
wailesi ili kukhutu, ndikuyankha mawu opanda nkhope.
Kusiyana kwake, ine amandilipira.
Ndipo ndikaphonya, wopsinjidwayo sadzukanso.

Waya sindinazule.
Sindikuti ndagonja:
mayeso ndi m'Meyi momwemu, bowo lidakali pachitseko,
maso ake ali psuu,
ndipo mawa tidzakangananso.

Ndinatenthetsa supu uja, n'kumuikira pambali pa kiyibodi.
Anasuntha hedifoni, khutu limodzi n'kukhala pamtunda,
osacheuka.
“Bambo, chipale chofewa chayamba kugwa?”
“Chayamba.”
“Oo.”

Khutu lija analisiya lotsegula
mphindi ngati zitatu.
Ndinaziwerenga.