Gogodera wa m'denga

Anabwera nayo m'thumba la kachewere,
Nangondo wa ku Tsangano,
n'kuigoneka pakati pa matcheni ndi masipoko
pa benchi langa pa Lizulu.
"Taipeza m'denga posasula nyumba ya bambo.
Inu mumadziwa zitsulo. Njochokera kuti? Nja liti?
Wina wa ku Lilongwe akuti aigule."

Ine n'ngowotcherera njinga chabe,
koma chitsulo ukachipukuta mofatsa chimaulula.
Ndinathira palafini, dzimbiri n'kuyamba kutsika
lofiira ngati dothi la ku Biriwiri.

Pafupi ndi kanyundo panatuluka kachisoti kachifumu,
pansi pake zilembo ziwiri ndi theka,
chachitatucho thukuta la m'manja linadya kale.
Mpope uwu unaoloka nyanja yamchere, mayi.
Kaya unakwera ndi Zambezi kudzera ku Tete,
kaya unatsika pamutu pa wamtengatenga
posinthana ndi mnyanga, kapena ndi munthu,
pamenepo chitsulo chatseka pakamwa.

Koma thakoli n'lakonkuno:
mlombwa wosemedwa ndi kasemasema,
mapazi ake akuoneka.
Chotchinga chala n'chidutswa cha buleki wa njinga.
Ming'alu anaimanga ndi waya wa telefoni
ndi chikopa cha mchira wa ng'ombe chouma gwaa.
Mukufunsa zaka za chiti?
Mfutiyi ili ngati mudzi:
ena obadwira pomwepo, ena akamwini.

Kenaka ndinalowetsa ndodo yake kukamwa.
Inaima msanga. Panatsala zala zitatu.
Ndinaitulutsa, n'kuyezanso kunja kwa mpope.
Zala zitatu.

"Tasunthani, mayi. Muli onga umu."

Tinaloza kukamwa kwake kutsidya kwa msewu,
ku Mozambiki, komwe kunali mbuzi zokha,
n'kuthira madzi, n'kukola ndi sipoko pang'onopang'ono.
Kunatuluka timisomali toduladula, nsanza,
kenaka kapepala kopindapinda kotsekera onga:
chiphaso cha msonkho, cha 1958,
dzina lolembedwa ndi inki yofwifwa,
Zingani Ngondo.

Nangondo anachitambasula pa bondo.
"Bambo ankati sanagwirepo mfuti.
Ngakhale nkhuku ankapempha mnansi kuti awaphere."

Ndani anam'thirira onga umenewu?
Nguluwe ya m'dimba? Msilikali wa boma?
N'chiyani chinagwira chala chija
mpaka denga kuwola?

Sindinam'patse chaka. Sindinam'lipiritse.
Anakulunga mfuti m'thumba muja,
chiphaso n'kumanga pa ngodya ya chitenje,
n'kuyenda wapansi kulowera ku Tsangano,
basi ya ku Lilongwe ikuitanabe anthu.