Masingano Asanu ndi Awiri

Juni wa ku Mzuzu sagogoda.
Amakwawira pansi pa chitseko
nadzagona m'mfundo za zala zanga.
Kukacha ku Chiputula kuno
dzanja lamanja limakhala la munthu wina,
mlendo wamwano wosayankha moni.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikupalasa makina
pakhonde la sitolo ya a Kantilal.
Ndinasoka mayunifomu a ana amene lero ndi manesi,
ndafupikitsa mathalauza a kaunjika osawerengeka,
koma tsopano ulusi ndi singano zikuzembana
ngati mkamwini ndi apongozi panjira.

Dokotala anandipinda chala chimodzichimodzi
nati, Ndi nyamakazi, koma ikungoyamba kumene.
Kungoyamba kumene!
Mvula ya kuno nayo imatero,
kenako Meyi amatipeza tikuyanikabe zovala m'nyumba.

Mbiri ilibe bondo lotupa,
inafika pamsika ine ndisanafike.
Nyauhango wa nthochi anabwera ndi mafuta a nsatsi
m'kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa.
Chawanangwa wa sakaramento analumbirira chammwamba,
ati agogo ake amakwera nacho phiri.
Wina anati chibangili chamkuwa,
wina anati ndisiye nyemba, wina tomato, wina mchere.
Ndikanamvera onse
ndikanatsala ndi mbale ndi madzi osamba m'manja.
Mlamu wanga anabwera ndi lezala kuti anditeme mphini.
Ndinamuuza apite akametere ndevu.

Lachinayi lina, chifunga chitameza nsanja ya wotchi,
anatuluka mayi Hansaben, mlongo wake wa mwini sitolo,
amene zaka zonsezi tinkangolonjerana basi.
Anandiona ndikuluma ulusi, ndikuphonya, ndikulumanso.
Sanafunse kanthu.
Anatambasula manja awo pa nsalu yanga ya buluu:
zala zokhota ngati jinja wongokumba kumene.
Anabwerera m'kati,
nabwera ndi kambale kachitsulo kotentha,
mafuta a mpiru, adyo atapserera m'menemo,
nandisisita kuyambira kuchikhadabo kulowera kumkono,
pang'onopang'ono, ngati akufinya mkaka.
Usiku, anatero, chikasu m'kapu ya mkaka wowira.
Sizichiza ayi, bambo Kamwendo.
Zimangonyengerera.
Mapiritsi a kuchipatala musawataye.

Ndinanunkha adyo sabata yonse.
Mkazi wanga anati akugona ndi ndiwo.
Kapu yanga yoyera yasanduka yachikasu mpaka kalekale,
ndipo kolala ya malaya a mphunzitsi wina
inapita ndi chidindo cha chala changa.
Ndinamuchotsera mtengo.

Sindidziwa chimene chikugwira ntchito.
Masiku ena zala zimamasuka nthawi ya naini,
masiku ena zimadikira dzuwa lifike pamsewu wa ku Karonga.
Ndimaviika manja m'beseni la madzi ofunda,
kukunga chibakera, kutambasula, kukunganso,
ngati ndikuopseza munthu amene sandiopa.

Koma pali ichi.
Ndaziona, mwana wanga wa Fomu 2,
amene sindinamuuzepo kanthu,
usiku uliwonse akatseka makope
amakhala pansi pa babu
nalowetsa ulusi m'masingano asanu ndi awiri:
woyera, wakuda, wabuluu, wotuwa,
wina woyera, wina wakuda,
ndi umodzi wofiira umene sindiufuna n'komwe.
Amawabaya pa kansanza, nakaika m'thumba la jekete langa.

M'mawa pakhonde ndimatsegula kansanzako.
Mabatani akudikira, mipendero ikudikira.
Mayi Hansaben amakweza dzanja pawindo,
ine ndimakweza langa,
zala ziwiri zokha n'zimene zimavomera.
Ndimazula singano yoyamba.
Yofiira ija ndimaisiya pomwepo
kuti madzulo ndikhale ndi chobweza kunyumba.