Mphindi Khumi ndi Zinayi

Tepi ya bambo ndi ya maola awiri ndi mphindi khumi ndi zinayi.
Chimbale chimameza maola awiri basi,
anatero a Nibaldo m'kashopu kawo pa phiri la Barón,
kunja chikepe chokwera phiri chikukukuta mano.

"Tikhoza kupanikiza zonse zilowe,
koma nkhope zisweka timabokosi,
doko la Valparaíso lisanduka matope.
Apo ayi, dulani."

Ukwati wa Griselda, 1991.
Amalume kulankhula mpaka keke kupendama,
ansembe, matambula kugundana.
Kenako pakati penipeni
bambo anaiwala kuzimitsa kamera.
Ili lende paphewa, ikujambula masitepe,
nsapato zawo zofiirira, chingwe chimodzi chomasuka,
galu wa eni ake,
ndi mpweya wawo, wefuwefu, akukwera kwathu,
kamluzu kothera panjira.

"Apa mposavuta," anatero a Nibaldo,
"palibe chooneka."

Ndinadula amalume.
Ndinadula ansembe, ndi theka la gule.
Chimbale chinatuluka chofunda ngati chikhatho,
ndinalembapo ndi inki yakuda: Masitepe.

Griselda mpaka lero sandiyankhula.