Katelala ka M'maso Mwanga

Ku Mwami anandidonthezera mankhwala m'maso,
mboni zinakula ngati za mphaka usiku,
kenako dokotala Shawa anati, "Ndi jini."
Ine ndinamva majini,
aja amene azakhali ankati anadya maso a atate
chaka chomwe anagwera m'ngalande pa Kapata
dzuwa litangolowa kumene.

Anaseka, nandifunsa ntchito.
Telala, ndinatero, zaka makumi awiri ndi zitatu
pakhonde loyang'ana mabasi a ku Lundazi.
"Ndiye mumva msanga."

M'kaselo kalikonse, akuti,
uthenga umatuluka ngati nsalu pampukutu,
wautali, wodzaza zigawo zosavalika.
Muli timatelala tosaoneka,
kudula apa, kutaya apo,
kulumikiza zotsalazo msoko umodzi,
thupi n'kuvala zomwe tasoka.
Jini yopanga timatelalato timalandira ziwiri.
Ya amayi ili pamakina.
Ya atate sinabwere kuntchito chibadwire changa.
Chiwindi chimapirira, khungu silidandaula,
koma diso ndi kasitomala wa Disembala:
maoda mulu, manja ochepa,
ndipo silidikira.

Ndinabwerera pa minibasi,
mapiri akundithawa mbali zonse ziwiri.

Chodabwitsa n'chakuti bowo la singano ndimalionabe,
ulusi umalowa kamodzi.
Chimene sindiona ndi njinga yochokera kumanzere,
mwana woima pambali panga,
moni wa dzanja umene anthu akuti ndayamba kunyoza.
Dziko likulowa m'chiuno chaka ndi chaka
ngati buluku la munthu wodwala,
ndipo aliyense wolibweza palibe.

Sindikatukwana katelalako.
Inenso ndinadulapo molakwa diresi la mkwatibwi,
Loweruka lina, ndili ndekha, maoda khumi ndi anayi.
Ndikudziwa mmene manja amanjenjemerera.

Koma Lekeleni.
Zaka zisanu ndi zinayi, amatola zidutswa pansi pa makina
kusokera chidole chake siketi.
Dokotala anati theka ndi theka,
ngati kuponya ndalama m'mwamba.

Madzulo magetsi akapita
ndimagwetsa dala batani lakuda pasimenti.
"Tandipezera, mama."
Ndimamva mawondo ake akukwawa,
ndimawerenga chamumtima,
lilime litauma.

Dzulo anapeza ndisanafike pa zisanu.
Anandiika m'dzanja, lofunda,
nati, "Atate, mabatani anu amagwa kwambiri masiku ano."